Abambo Ovala Nsalu Yoyera: Mafunso ndi Mayankho pa Veshti ya Kummwera kwa India

Madzulo ena ku Chawama, magetsi atangobwera, tinadzazana pabalaza kuonera filimu ya Chimwenye. Nkhani itafika pa ukwati, mkwati anatulukira atamanga nsalu yoyera mbee m'chiuno, yofika mpaka m'akakolo, ina yaing'ono ataikoleka paphewa. Ana anafa nacho chiseko: "Taonani, abambo avala chitenje!" Agogo aakazi, amene anakulira ku Katete, sanaseke nawo. Anayang'anitsitsa kanemayo, kenaka anati, "Atate anga ankavala chomwechi akamapita kubwalo kwa amfumu." Anawo anangoti zii, ndipo mafunso anayambira pomwepo. Ena mwa mafunsowo ndawamvanso m'minibasi ndi m'misika ya mu Lusaka muno. Safunsa anadya phula, choncho tiyeni tiwayankhe.

Kodi nsalu imeneyi dzina lake n'chiyani?

Dzina limatengera chilankhulo cha mwini nsalu. Atamil a ku Tamil Nadu amati veshti kapena vetti. Amalayali a ku Kerala amati mundu. A ku Karnataka amati panche, ndipo olankhula Chitelugu a ku Andhra Pradesh ndi Telangana amati pancha. Dzina lakuti dhoti, limene ambiri timalimva pa Zee World, ndi lofala kumpoto kwa dzikolo. Muno ndizingoti veshti.

Ndi nsalu imodzi yathonje, yosasokedwa paliponse. Telala alibe nayo ntchito: imachoka m'manja mwa wowomba n'kupita m'chiuno mwa wovala. M'mphepete mwake mumadutsa mzere, wina wochepa ngati chala, wina wotambalala ngati chikhatho. Ku Kerala mzerewo amautcha kara, ndipo ukakhala wa ulusi wagolide amati kasavu. Kumtunda mwamuna amavala malaya oyera, ndipo pamwambo amaonjezera nsalu yapaphewa yotchedwa angavastram.

Popanda lamba, zipi kapena batani, siimasuka munthu ali panjira?

Amayi a ku Matero amene amathamangira basi mwana ali kumsana, chitenje chili nganganga m'chiuno, sangafunse funso limeneli. Luso lake ndi lomwelo.

Veshti amaiyeza ndi muyezo wotchedwa muzham, umene ndi mkono: kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala chapakati. Ya mikono 4, pafupifupi mamita awiri, ndiyo yamasiku onse. Ya mikono 8, pafupifupi mamita anayi, amayamba aipinda pawiri kuti isaonekere m'kati, ndipo ndiyo ya paukwati ndi kukachisi. Mwamuna amaima atatangadza pang'ono, nsalu ili kumbuyo, atagwira nsonga ziwiri zam'mwamba. Mbali imodzi amaikokera kutsogolo n'kuigoneka pamimba. Amalowetsa mimba m'kati, n'kukuta mbali inayo pamwamba pake, maso ali pa mzere wagolide uja kuti utsike woongoka pamwendo. Akapisira nsonga m'chiuno, amakulunga m'mphepete mwam'mwamba kawiri kapena katatu, n'kumasula mimba. Mimbayo ndiyo imamanga mfundo.

Palinso kamangidwe kena kotchedwa panchakacham, ka ansembe a Chihindu ndi akwati a m'mabanja ena. Nsalu yake ndi yaitali kuposa apa, imadutsa pakati pa miyendo n'kukapisiridwa kumsana, moti poyenda imaoneka ngati buluku lotaya.

Anyamata a m'tauni amene anakulira m'mathalauzi nawonso amaopa manyazi a nsalu yomasuka pagulu. Ndiye chifukwa chake makampani monga Ramraj Cotton ya ku Tiruppur, imene inayamba mu 1983, amagulitsa veshti yomata yokha m'chiuno, yokhala ndi thumba loikamo foni.

Nanga ija yamawangamawanga imene amavala oyendetsa njinga ndi asodzi m'mafilimu?

Imeneyo ndi lungi. Ndi yapakhomo, yogona nayo ndi yogwirira ntchito, ndipo nthawi zambiri nsonga zake amazilumikiza ndi msoko. Munthu sapita nayo ku ukwati, monga inunso simungapite ku matebeto mutavala kabudula wogonera.

Chifukwa chiyani iyenera kukhala yoyera?

Chifukwa choyamba ndi dzuwa. Ku Chennai ndi ku Kochi kumatentha chaka chonse, ndipo chinyezi cha kunyanja chimamata khungu. Kutentha kwa Okutobala wa ku Luangwa kukakumana ndi thukuta losauma, ndiye nyengo ya kumeneko. Thonje loyera lopyapyala limalola mphepo kudutsa, ndipo likachapidwa m'mawa limauma dzuwa lisanafike pamutu.

Chifukwa chachiwiri ndi chachipembedzo. Kwa Ahindu, nsalu yosasokedwa ndi yochapidwa kumene ndiyo yoyenera kuima nayo pamaso pa Mulungu. M'kachisi wa Padmanabhaswamy ku Thiruvananthapuram ndi wa ku Guruvayur, mwamuna salowa ndi thalauzi kapena malaya. Amavala mundu, chifuwa chili pamtunda, kaya ndi nduna kaya ndi mlimi. Nsalu yoyera yomweyo imatumikira pa ukwati ndi pa maliro, ndipo achibale amafunditsa womwalira nsalu yatsopano.

Ife a m'makomboni zimenezi si zachilendo kwa ife. Loweruka timaona Apositoli atavala zoyera akupemphera panja. Lachisanu timaona mikanjo yoyera ikulowera kumzikiti ku Chawama ndi ku Kanyama. Cha ku Mtendere, masisitere a Missionaries of Charity amavala sari yathonje yoyera ya mizere yabuluu m'mphepete, imene ndi mlongo wake wa veshti ngakhale kuti inachokera ku Kolkata.

Dziwaninso kuti ku Kerala mundu si ya Ahindu okha. Akhristu amapita nayo kutchalitchi, Asilamu kumzikiti. Ndipo yachikale yeniyeni siiyera ngati pepala: imakhala ndi kamtundu ka mkaka, chifukwa thonje lake silinaviikidwe m'mankhwala oyeretsa.

Amwenye a ku Kamwala timakhala nawo tsiku ndi tsiku. Bwanji sitiwaona atavala?

Chifukwa India ndi dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni, ndipo kuwaika onse m'thumba limodzi kuli ngati kunena kuti Mlozi wa ku Mongu ndi Mngoni wa ku Mtenguleni amavala mofanana. Mabanja ambiri a masitolo a ku Kamwala ndi ku Chipata makolo awo anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India. Oyamba anafika ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, cha mu 1905. Iwowa ali ndi zovala zawozawo zamwambo. Chodabwitsa n'chakuti dera la pafupi ndi Kamwala limene ambiri a iwo anamangako nyumba timalitcha Madras, dzina lakale la mzinda wa Chennai, likulu la Atamil, umene unasintha dzina mu 1996. Dzina ndi la kummwera, eni nyumba ndi a kumadzulo.

A kummwera anabwera mochedwa ndiponso pa ntchito zina. Zambia italandira ufulu mu 1964 inali ndi anthu pafupifupi 100 okha omaliza maphunziro a kuyunivesite, ndipo boma linaitana aphunzitsi kuchokera kunja. Ambiri amene anaphunzitsa makolo athu masamu ndi sayansi m'masukulu a sekondale anali a ku Kerala ndi ku Tamil Nadu. Pambuyo pawo panabwera madokotala, owerengera ndalama, ansembe ndi masisitere, ndi akatswiri a makina. Mgodi wa malasha wa ku Maamba, mwachitsanzo, gawo lake lalikulu linagulidwa ndi kampani ya Nava Bharat ya ku Hyderabad.

Anthu amenewa kuntchito amavala thalauzi ngati wina aliyense. Veshti imatuluka m'sutikesi pa masiku ake: pa Pongal, chikondwerero cha zokolola cha Atamil chapakati pa Januwale, pa Onam ya a ku Kerala, mu Ogasiti kapena Sepitembala, pamene amakhala pamzere kudya mpunga ndi ndiwo zamitundumitundu pa tsamba la nthochi, pa ukwati ndi pa mapemphero. Zambiri zimachitikira m'maholo ndi kuseri kwa mipanda. Amene amaziona ndi maso ndi alonda, madalaivala, ophika ndi amayi ochapa, amene madzulo amabwerera ku Kanyama, ku John Laing ndi ku Misisi.

Koma kunena zoona, si chovala cha amphawi osowa ndalama ya thalauzi?

Ayi, ndipo maganizo amenewa ndi amene anandichititsa kulemba nkhani ino. Ndi maganizo amene Azungu anadzala ku India ndi kuno komwe, akuti munthu wotsogola ndi wa jekete ndi tayi.

Nkhani yake inadutsa mu Africa muno. Pa 16 Novembala 1860 sitima yapamadzi yotchedwa Truro inafika ku Durban kuchokera ku Madras, itanyamula anthu okagwira chibalo m'minda ya nzimbe ya ku Natal. Pofika 1911 anali atabwera oposa 150,000, ambiri a iwo Atamil ndi Atelugu, ovala nsalu m'chiuno. Mohandas Gandhi anafika ku South Africa mu 1893 ali loya wa suti yosokedwa bwino. Kumapeto kwa 1913, apolisi atawombera antchito amene ankanyanyala, iye anaonekera pamsonkhano ku Durban atavala ngati wachibalo, polira anthu amenewo. Mu Sepitembala 1921, ali ku Madurai m'dziko la Atamil, anavula zotsala zonse n'kusankha kansalu kafupi ka alimi osauka, kowombedwa pamanja. Ndi kansalu komweko anakalowa ku Buckingham Palace mu 1931 kukaonana ndi Mfumu George V. Nsalu yopota okha inasanduka chida chomenyera ufulu, chifukwa aliyense wovala anali kukana nsalu ya m'mafakitale a ku Lancashire.

Kunyoza sikunathe ndi utsamunda. Mu Julayi 2014 woweruza wa bwalo lalikulu la Madras, Justice D. Hariparanthaman, anabwezedwa pakhomo la kalabu ya Tamil Nadu Cricket Association ku Chennai chifukwa anavala veshti. Nyumba ya malamulo ya chigawocho inawira. Mwezi wotsatira boma la Tamil Nadu linakhazikitsa lamulo loletsa makalabu, mahotela ndi malo ena a anthu onse kubweza munthu chifukwa cha veshti, ndipo wolakwa angathe kukhala m'ndende chaka chimodzi ndi kulipira marupi 25,000.

P. Chidambaram, amene anakhala nduna ya zachuma ya India kangapo, ankawerenga bajeti ya dziko lonse atavala veshti. Mu Okutobala 2019 nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, amene kwawo ndi ku Gujarat, anaivala polandira pulezidenti wa China, Xi Jinping, ku Mamallapuram, polemekeza eni dera. Veshti ya silika ya mzere wagolide weniweni mtengo wake umaposa suti zambiri zopachikidwa m'masitolo a mu Cairo Road.

Ena amaipinda kufika m'mawondo. Kodi ndi fashoni?

Ndi nzeru ya pantchito. Podutsa m'matope, pokwera njinga kapena ponyamula katundu, mwamuna amanyamula m'munsi mwa nsalu n'kuimangirira m'chiuno kuti ilekeze m'mawondo. Aliyense amene anawolokapo madzi a ku Kanyama mu Febuluwale atakwinya thalauzi akumvetsa. Koma akangoona wamkulu, mphunzitsi wake wakale, apongozi kapena khomo la kachisi, amaigwetsa msanga kuti ibise miyendo. Kulankhula ndi wamkulu nsalu ili m'mawondo ndi mwano, monga kupereka moni kwa apongozi chipewa chili kumutu, manja ali m'thumba.

Kansalu kapaphewa nakonso kali ndi mbiri yowawa. Kale anthu a mafuko amene ankaonedwa ngati otsika ankakakamizidwa kukachotsa paphewa n'kukamanga m'chiuno kapena kukapanira m'khwapa akakumana ndi a mafuko apamwamba. Kukasiya paphewa pamaso pa wina aliyense kunakhala njira yonenera kuti anthu tonse ndife amodzi, ndipo andale a ku Tamil Nadu amakavala mpaka lero.

Mzere wa m'mphepete umanenanso chipani. Wakuda ndi wofiira ndi wa DMK. Wakuda, woyera ndi wofiira ndi wa AIADMK. Ife zimenezi timazidziwa ndi zitenje ndi mabereti a nthawi ya kampeni.

Agogo aja ananena zoona kuti amuna akwathu ankavala chomwechi?

Ananena zoona, ndipo chilankhulo chathu chikuwachitira umboni. Makolo athu ankayeza nsalu ndi mkono, monga momwe Mtamil amayezera ndi muzham. Yaitali ankaiyeza ndi mkwamba. Mawu akuti chilundu akadalipo. Mawu akuti bafuta, amene timawawerenga m'Baibulo ndi kuwamva pa maliro, anabwera ndi amalonda a kunyanja: bafta linali dzina la nsalu yathonje yowombedwa ku Gujarat. Nsalu ya ku India inkakwera mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete kwa zaka mazanamazana, kusinthanitsidwa ndi minyanga ndi golide. Ngakhale dzina limene Angerezi amatchulira nsalu yoyera wamba linachokera ku Calicut, doko la ku Kerala kumene Vasco da Gama anakocheza mu 1498 atadutsa gombe la Mozambique.

Koma sitinali ogula chabe. Tisanaone nsalu ya m'sitolo tinali ndi nyanda ya khungwa la mtengo, ndipo m'zigwa za Shire ndi Zambezi anthu ankalima thonje, kulipota ndi kuwomba nsalu yolimba yotchedwa machila.  David Livingstone atayenda pakati pa Amang'anja mu 1859 anapeza thonje m'minda ndi anthu akupota ndi kuwomba m'midzi, ndipo analemba za mitundu iwiri, thonje manga lochokera kunja ndi thonje kaja lakwathu. Owomba ambiri anali amuna.

Chinapha luso limeneli ndi nsalu yotchipa ya m'mafakitale akunja, nkhondo za ukapolo, ndi msonkho umene unathamangitsira amuna kumigodi ndi kumafamu. Kusukulu ya mishoni, ku Boma ndi kumgodi ankafuna kabudula ndi malaya a khaki. Mwana amene anaphunzira anayamba kuona nsalu ya atate ake ngati chizindikiro cha umbuli. Kenneth Kaunda, amene ankanena poyera kuti anaphunzira zambiri kwa Gandhi, pa misonkhano yomenyera ufulu ankaoneka atakoleka nsalu paphewa, koma chimene chinatsala m'dzina lake ndi suti ya safari. Alozi ndiwo anagwiritsitsa: siziba ndi siketi ya amuna, ndipo pa Kuomboka palibe amene amaiseka.

Ine ndimaona kuti apa tinataya chinthu chamtengo. Atamil anaphunzira Chingerezi, analowa m'makompyuta, mafakitale a magalimoto ali mbwee ku Chennai, koma nsalu ya agogo awo sanaisiye. Ife mkwati wa ku George amabwereka suti yaubweya mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, chifukwa tilibenso china chimene timachitcha chaulemu.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo abwana andipatsa nsalu yotere kuti ndichape. Ndichite bwanji kuti ndisaiononge?

Amayi, choyamba funsani ngati ndi yathonje kapena yasilika. Yasilika musaiviike m'madzi. Imeneyo ndi ya kumakina ochapira zovala zapadera. Yathonje ichapeni payokha, m'madzi ozizira, ndi sopo wofewa. Musaiphatikize ndi zitenje, chifukwa utoto ukangolowa sutuluka. Jik musayandikize ku mzere wagolide, amaudetsa n'kuudyeratu. Musaikwechese pamwala kapena ndi burashi, ndipo pofinya musapotokole m'mphepete. Ingoikanyani pang'onopang'ono ndi manja, muitsukuluze kawiri katatu. Madzi a m'zitsime zambiri za mu Lusaka ali ndi laimu, ndipo sopo akatsalira nsalu imayamba chikasu.

Eni ake amaikonda yolimba, yolira pepepe poyenda. Kwawo amaiviika m'madzi otsala pophika mpunga, amene amawatcha kanji. Madzi owiritsa a ufa wosalala wa chinangwa, osefedwa bwino, amagwiranso ntchito yomweyo. Yoyera mbee mungaidonthezere buluu pang'ono, koma ya kamtundu ka mkaka ija musaiike buluu, ndi mmene inabadwira. Yanikani pamthunzi mutaitambasula, kutali ndi fumbi la mumsewu. Sitani ikadali ndi kachinyezi, mzere wagolide muusitire kumbuyo kapena muuphimbe ndi kansalu kena. Ngati magetsi apita ndipo mukugwiritsa ntchito simbi yamakala, pukutani pansi pake ndipo muuzire phulusa kutali, chifukwa kambaliwali kamodzi kamaboola nsalu yonse.

Amawomba ndani nsaluzi, ndipo ife thonje lathu limapita kuti?

Zambiri lero zimatuluka m'makina a ku Erode, Salem ndi Tiruppur. Koma zapamwamba zikuwombedwabe pamanja m'midzi itatu yotchuka ya ku Kerala: Balaramapuram, Kuthampully ndi Chendamangalam. Boma la India linateteza maina a midziyi mwalamulo, kuti wina asagulitse nsalu ya kufakitale ponama kuti ndi ya kumeneko. Madzi osefukira a mu Ogasiti 2018 atamiza zowombera ndi nsalu za ku Chendamangalam, anthu anatola nsalu zothimbirira ndi matope, kuzichapa n'kusoka tizidole totchedwa Chekutty, ndipo ndalama zake zinathandiza owombawo kuyambiranso.

Kuno thonje timalima ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi. Likachotsedwa njere, lambiri limatuluka m'dziko lisanapotedwe. Kafue Textiles inagwa, ndipo makina a Mulungushi Textiles ku Kabwe anakhala chete zaka zambiri kuyambira 2007. Mlimi wa thonje wa ku Katete amavala salaula, ndipo telala wa ku Kalingalinga amasoka chitenje chochokera kunja. Chimene chasunga owomba a ku Kerala n'chakuti mwamuna aliyense kumeneko amafuna mundu yatsopano pa Onam ndi pa ukwati. Msika wawo uli m'mwambo wawo.

Mnzanga wa kuntchito wandiitana ku Onam. Kodi ine Mzambia ndingavale, kapena adzaona ngati ndikuwanyoza?

Valani, achimwene, adzakondwa. Mupempheni mnzanuyo akubwerekeni ya mikono 8 ndipo akumangeni yekha ulendo woyamba. M'kati muvale kabudula wopepuka woyera, kumtunda malaya oyera kapena a mtundu umodzi, kuphazi masandasi osavuta kuvula, chifukwa nsapato zimatsala pakhomo la malo opempherera. Ngati mukuopa, mangani lamba pamwamba pa mfundo n'kumuphimba ndi malaya. Eni ake ambiri amatero. Yendani mapazi afupiafupi, pokhala pansi sonkhanitsani nsalu pakati pa mawondo, ndipo pamaso pa akuluakulu isakwere m'mawondo. Chakudya cha pa tsamba la nthochi amadya ndi dzanja lamanja, ndipo pamenepo wakudya nsima safuna mphunzitsi.

Mukabwerako, kafunseni agogo anu dzina la nsalu imene atate awo ankamanga m'chiuno, ndi mmene ankaimangira, akadali moyo.